Hatsue ndi Mlonda wa Mtengo wa Kaki

Mwana wa mlongo wanga, Hatsue, sanaphunzirepo kupakula pang'ono. Zaka makumi atatu ndi zinayi anali wophika pasukulu ya m'mudzi mwathu muno, ndipo ana amene anadutsa pansi pa chipande chake mumawadziwira patali mpaka lero: akakwera basi, basiyo imapendekera mbali yawo. Wina anakalembedwa ntchito yozimitsa moto mumzinda wa Akita, ndipo ndamva kuti makwerero akamuona amadzipinda okha. Mwana akanena kuti “ndakhuta,” Hatsue ankamva kuti “onjezerani.” Mbale inkayenera kubwerera yoyera, apo ayi mwanayo sankapita kosewera.

Kenaka ana anatha. Sikuti anawaphulitsa ayi. Makolo awo anasamukira m'matauni mmodzimmodzi, sukulu inatsala ndi ana asanu ndi aphunzitsi asanu ndi mmodzi, boma n'kuitseka. Hatsue anakhala pansi m'nyumba ya makolo ake kumapeto kwa mudzi, kumene msewu umathera ndipo phiri limayambira, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, manja akuyabwa, womudyetsa palibe. Sanakwatiwepo. Omufunsira analipo awiri; woyamba anathawa atadya kwawo kamodzi, wachiwiri anapirira mpaka mbale yachinayi. Ndiye anatembenukira kwa ine, malume ake, Genzo. Pa miyezi itatu ndinasintha lamba kawiri, mpaka dokotala analowererapo.

Apo m'pamene anagula magalasi oonera patali.

Zenera la chipinda chake cham'mwamba limayang'ana tsidya la mtsinje, pamtsetse wa mitengo ya buna. Masamba akayamba kufiira, zimbalangondo zimatsikira pamenepo kudzatola mtedza wa buna, chifukwa chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikagwa zimakalowa m'mphako n'kugona mpaka dzuwa libwerere, osalawa kanthu. Miyezi iwiri imeneyi chimbalangondo sichidziwa mnansi, sichidziwa ulemu. Chimadya chikudzuka, chimadya chikuyenda, ndipo ine ndinaonapo china chikutafuna chili mtulo. Chimayamba ngati thumba lopanda kanthu, pofika mwezi wa Novembala chikamathamanga matako amafika mawa lake.

Anthu anzeru akaona chimbalangondo amatseka chitseko. Hatsue anapeza mpingo wake.

“Malume, taonani kadyedwe!” ankatero, magalasi ali m'maso, tiyi akuzizira pambali. “Uku ndiye kudya. Osati inu, mumatola mpunga ngati mukuopa kuudzutsa.”

Chilichonse anachipatsa dzina la munthu wa pasukulu paja. Chimene ankachikonda kwambiri chinali chachikazi, chakuda bii, chokhala ndi kamwezi koyera kopendekera pachifuwa. Anachitcha Ahedi, chifukwa chinkadya chitafulatira anzake, ndendende mphunzitsi wamkulu wina amene ankamaliza mbale ziwiri atayang'ana kukhoma. Hatsue ankadzuka m'mawa, kuika mpunga pamoto, kukwera m'mwamba, n'kuyamba kuchilangiza kudzera pagalasi la zenera. Tafunani bwino. Musasiye pamenepo, patsala. Akaona kuti Ahedi awonjezera mnofu m'khosi, tsiku limenelo ankaimba potsuka mbale, ngati anaphika ndi iye.

Chaka chatha buna sinabereke. Zimachitika, mitengo imeneyi imapangana kupuma chaka chimodzi, yonse pamodzi, osafunsa aliyense. Zimbalangondo zinafufuza m'masamba, osapeza kanthu, ndiye zinatsika. China chinalowa m'khola la nkhuku la kwa a Matsuhashi, china chinapezeka chitakhala pamalo odikirira basi, mwina chinkadziwa ndondomeko kuposa ife. Chokuzira mawu cha pamtengo wa pakati pa mudzi chinkalengeza m'mawa uliwonse kumene zaoneka. Aliyense anamangirira m'chiuno kabelu koopsezera zimbalangondo, moti nkhalamba zikamapita kogula mchere mudzi wonse unkamveka ngati msipu wa mbuzi.

Komiti ya mudzi inakhala pansi n'kutulutsa lamulo: zipatso zonse za kaki zithyoledwe mwezi wa Okutobala usanathe, ndipo mtengo umene chimbalangondo chakwera udulidwe, chifukwa chikalawa pamalo chimabwereranso. Wapampando wa komitiyo ndi Kikuo Ogasawara, munthu wofatsa ngati nsalu yonyowa, amene anamusankha tsiku limene sanabwere kumsonkhano, komanso chifukwa ndi yekhayo ali ndi macheka a injini amene amalira. Anaphunzira kalasi limodzi ndi Hatsue. Ali kalasi lachitatu Hatsue anamukhalira pamsana chifukwa chotaya kaloti, ndipo mpaka pano akamva mawu ake amagwira chipewa.

Tsono mtengo wa kaki wa pabwalo pa Hatsue si mtengo wamba. Anabzala ndi bambo anga ine ndisanabadwe, ndipo ndi wautali moti mwezi ukamadutsa umauzemba. Kaki zake ndi zija zoti ukaluma yaiwisi imamanga m'kamwa, lilime n'kuuma ngati thabwa. Zimafuna kusenda, kumangirira pachingwe, kuyanika m'mphepete mwa denga kuti mphepo yozizira izifewetse mpaka zitatsekemera. Chaka ndi chaka Hatsue ankasenda mazana asanu ndi limodzi, chala chachikulu mpaka kuda, kenaka n'kutumiza m'timabokosi kwa ana ake akale onse kulikonse ali, ngakhale amene dokotala anawaletsa shuga. Sukulu itatsekedwa, mtengo umenewu ndiwo unatsala mphika wake womaliza. Kuudula kunali kumutsekera khitchini kachiwiri.

Lamulo analimvera, zimenezo ndimuchitire umboni. Masiku atatu anali pansi pa mtengo ndi nsungwi yake yaitali yong'ambika kunsonga, kupotokola kanthambi kalikonse, ine nditakhala pamwala kuyang'anira ntchito, imene ndi mbali yolemetsa kwambiri. Koma kuno mtengo wa kaki suthyoledwa mpaka kuusiya maliseche. Pamwamba penipeni pamatsala chipatso chimodzi, mlonda wa mtengo, kuti mtengo usakwiye n'kukana kubereka chaka chamawa, komanso mbalame zipezepo potola. Bambo anga ankasiya chimodzi. Oolowa manja amasiya zitatu. Komiti itanena kuti “zonse,” palibe anaganiza kuti ikunena ndi mlonda yemwe. Kikuo mwini wake anasiya wake akulendewera.

Madzulo a tsiku lachitatu Hatsue anatsamiritsa nsungwi kukhoma n'kusasa m'manja. Ndinakweza maso. Nsonga yonse ya mtengo inali psuu.

“Iwe Hatsue, wamaliza?”

“Ndamaliza.”

“Nanga izo?”

“Mlonda, Malume.”

“Mlonda kapena gulu lankhondo? Ndawerenga makumi anayi ndi zitatu, ndipo maso angawa ndi akale.”

“Mtengo waukulu ngati uwu mlonda mmodzi angaukwanitse? Zina n'za mbalame.”

“Mbalame zake ziti? Zija za ubweya zolemera ngati thumba la mpunga?”

Anayang'ana tsidya la mtsinje. Sabata yonseyo anali akudandaula kuti Ahedi atsala chikopa ndi mafupa, nthiti zikuwerengeka pamagalasi, ndipo chipale chikagwa ali chomwecho sadzadzukanso. Mpaka lero amalumbira kuti sanaganizire za chimbalangondo, dzanja lake ndi limene linakana kusiya chipatso chimodzi chokha. Ndimamukhulupirira. Dzanja limenelo ndimalidziwa.

Patapita masiku awiri ndinafika kudzadya chakudya cham'mawa monga mwa masiku onse. Ndinapeza msuzi ukusefukira pamoto, mwini wake palibe. Ndinakwera m'mwamba. Hatsue anali atagwada pazenera, magalasi ali pansi, chifukwa sankafunikanso.

Ahedi anali mumtengo, mapazi khumi kuchokera pamphuno zathu.

Amene sanaonepo chimbalangondo chikudya mumtengo sanaone ntchito. Chinakhala pamphanda ya nthambi zikuluzikulu, n'kutambasula dzanja, kukoka nthambi ya zipatso, thyo! Kudya kaki zonse za panthambiyo, n'kuilowetsa nthambiyo pansi pa matako. Kukokanso ina, thyo! Kudya, kuika pansi pa matako. Pang'ono ndi pang'ono chinadzimangira chisanja cha nthambi chachikulu ngati bedi la anthu awiri, n'kukhalapo ngati bwana amene wangokwezedwa pantchito. Zofewa chinkayamwa madzi akuyenderera pakamwezi kaja. Zolimba, zimene munthu ukaluma umaitana amayi ako, chinkameza osakwinya n'komwe nkhope.

Lamulo limati ukachiona uimbe foni ku ofesi nthawi yomweyo. Foni inali m'thumba la epuloni ya Hatsue. Inakhala momwemo.

“Pang'onopang'ono, mutsamwa,” ankanong'ona. “Ehee. Kumanzereko kwatsala ziwiri. Mwaziona? Mwana wabwino.”

“Uwapatsenso tiyi,” ndinatero. “Mlendo sadya chouma.”

“Khalani chete, Malume, mukuwasokoneza.”

Ola lathunthu. Nkhope ya mwana wa mlongo wanga sindinaionepo ikuwala chomwecho chitsekereni sukulu. Atatha mlonda womaliza, Ahedi anatsika chambuyo, anazungulira kuseri kwa mtengo, anakhalako kanthawi, kenaka n'kuwoloka mtsinje osanena n'komwe kuti zikomo.

Hatsue anapumira m'mwamba. Kenaka anayang'ana mtengo wake, ndipo ndinaona chisangalalo chikutsika pankhope ngati madzi a m'bafa. Chisanja chija chinali poyera, choti ngakhale wakhungu akanachiona ali pamsewu. Ndipo Kikuo amazungulira mudzi ndi kagalimoto kake koyera nthawi ya teni koloko.

Anandigwira mkono.

“Malume, munakwera ndinu.”

“Ine?”

“Munafuna kuchotsa zotsala zija pomvera komiti, nthambi n'kuthyoka. Basi. Mawu amenewo okha. Musawonjezere.”

“Iwe, ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza chimodzi. Pokwera bedi ndimayamba ndapemphera.”

“Moyo wanu wonse mwakhala mukunama popanda wokupemphani. Lero ndakupemphani.”

Magazi ndi magazi. Ndinavomera.

Kikuo anafika pa nthawi yake, kabelu kakulira m'chiuno, kabuku kali m'manja. Anatsika, anayang'ana m'mwamba, anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anayang'ana Hatsue, amene anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno, ndipo ndinaona munthuyo akufunafuna khomo lotulukira.

“Achemwali, mwadzuka bwanji? Mtengowu... kunali mphepo usiku?”

“Kunalibe mphepo. Funsa malume.”

“Ndinakwera ndine, mwana wanga,” ndinatero. “Pomvera komiti. Nthambi zinathyoka.”

Kikuo anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kundodo yanga. Anayang'ana thunthu la mtengo, pamene zikhadabo zinalemba mizere isanuisanu mpaka m'mwamba. Anayang'ananso Hatsue. Kenaka analemba m'kabuku.

“Nthambi... zathyoledwa... ndi a Genzo. Chabwino. Koma madala, musamakwere mitengo, mwakula.”

Anatseka kabuku. Anatembenuka. Dzanja linali kale pachitseko cha galimoto. Mtengo unali utapulumuka, ndipo chimene chinkafunika n'chakuti munthu mmodzi atseke pakamwa kwa mphindi imodzi.

Koma anati ndakula.

“Ndakula ine? Iwe Kikuo, bambo ako ali m'matewera ine ndinali nditakwera kale mtengo uwu ndi dzanja limodzi, linalo litanyamula mlongo wanga! Lero lomwe ndakwera opanda makwerero. Mizere ukuionayo ndi zala zangazi. Chisanjacho ndamanga dala kuti ndipumirepo, ndipo kaki zonse makumi anayi ndi zitatu ndadyera komweko.”

“Zaziwisi?”

“Zaziwisi! Ana a masiku ano malilime anu ndi a pepala.”

Hatsue anali akutsokomola ngati wameza fupa la nsomba. Ndinaganiza kuti ndi chimfine.

“Ndipo potsika sindinatsike ngati nkhalamba ayi. Bwera kuno ndikuonetse pamene ndinadumphira.”

Ndinamugwira dzanja, wapampando wa komiti, n'kumukokera ndekha kuseri kwa mtengo, kumene iye analibe maganizo opitako. Phazi lake lamanja linalowa mpaka m'kakolo.

Ahedi anali atasiya chiphaso. Mulu wa ndowe zake unali ngati mphika wa pasukulu wovundikira, wofiirira, njere za kaki zili mbuu, ukadali kufuka nthunzi m'mphepo ya m'mawa. Pakhungwa la mtengo pambali pake panali patakanirira ubweya wakuda wodzaza dzanja.

Tonse atatu tinaima. Kabelu ka Kikuo kanalira kamodzi.

“Madala,” anatero mofatsa, “izinso ndi zanu?”

Ndinayang'ana Hatsue. Maso ake anandiuza kuti ndikafuna kudzadyanso pakhomo pake, ndikudziwa yankho. Ndinawongola msana.

“Ndi zanga.”

“Ndiye tiitane ambulansi.”

Sanaseke. Anatulutsa phazi, analipukuta paudzu nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. Anamuyankhula Hatsue mosabisa mawu, ndipo ndikuganiza kuti kanali koyamba kuyambira kalasi lachitatu.

“Achemwali, ine ndikanalemba mphepo. Ndikanalemba a Genzo. Koma chibweranso, inu mukudziwa kuposa ine. Mawa chipeza mumtengo mulibe, chiyang'ana zimene mwayanika padengazo. Mayi wa makalata amadutsa pano wapansi m'mawa uliwonse. Kuchigwa cha uko mayi wina anakumana nacho pakhomo pake sabata yatha, mpaka pano madokotala akumusoka nkhope. Ndipo chikazolowera pano, alenje adzatchera msampha, ndiye mukudziwa kuti cholowa mumsampha sichibwerera kuphiri.”

Hatsue sanamukhalire pamsana. Anayang'ana zingwe za kaki zili ndandanda pansi pa denga, anayang'ana msewu, anayang'ana tsidya la mtsinje.

“Ubwere Lachinayi,” anatero. “Usadye kwanu.”

Kikuo atapita, Hatsue ananditembenukira.

“Zaka makumi asanu ndi atatu mukugawa mabodza ulere m'mudzi muno. Tsiku limodzi lokha limene ndafuna bodza lanu, mwandipatsa lowola.”

“Linali bodza labwino, kungoti linakula msanga.”

“Gwirani chingwe uko. Zonsezi zikalowe m'nyumba.”

Tsiku lonselo tinasamutsa kaki mazana asanu ndi limodzi kukazipachika m'chipinda cham'mwamba, mazenera otsekula pang'ono kuti mphepo izidutsa. Ahedi anabweradi m'mawa mwake, monga ananenera Kikuo. Anakwera, anakhala pachisanja chawo, ananunkhiza uku ndi uku, osapeza kanthu. Ulendo uno Hatsue anatenga chivundikiro cha mphika ndi chipande n'kumenya pazenera mpaka agalu a mudzi woyandikana anayankha. Chimbalangondo chinatsika n'kuthawira kuphiri. Iye anakhala pansi, chivundikiro chili pamiyendo, ndipo ine ndinapeza chifukwa chotsikira kukaona msuzi.

Lachinayi Kikuo anafika ndi macheka ake ndi amuna awiri ogwira chingwe. Hatsue anawadyetsa kaye, moti pofika pamtengo ankawerama movutikira. Anayamba ndi nthambi za m'mwamba. Chisanja chinagwa chonse pamodzi ngati denga la nyumba. Chingwe chokokera thunthu Hatsue anagwira nawo mwini wake, osalola wina kumulanda. Kikuo atagwada kuti aike macheka m'munsi penipeni, pafupi ndi nthaka, anamva mawu pamwamba pa mutu wake.

“Osati pamenepo. Apa.” Hatsue anali ataika dzanja pathunthu, molingana ndi chiuno chake.

“Achemwali, ndikadula pamenepo uphukiranso.”

“Lamulo lako likuti chiyani?”

“Likuti udulidwe.”

“Likunena kuti pati?”

Kikuo anatulutsa pepala la komiti m'thumba, analiwerenga kutsogolo, analitembenuza kumbuyo kumene kunalibe kanthu, n'kuwerenganso komweko.

“Koma ukadzayamba kubereka...”

“Zimenezo ndi zaka zingapo kutsogoloku. Buna idzakhala itabereka, iwe udzakhala utachoka pampando, ndipo nthambi zake zidzakhala zofika ndi dzanja langa. Ndidzathyola zonse.”

“Ndi mlonda yemwe?”



“Ndidzasiya mmodzi,” anatero Hatsue, ngati akuzula dzino.

Kikuo anaimirira, anakweza macheka kufika m'chiuno, n'kudula pamene panali dzanja paja. Mtengo wa bambo anga unagwa molunjika kumene chingwe chinaukokera, nthaka inagwedezeka mpaka mbale zinalira m'kabati. Utuchi utakhazikika, Kikuo anatsegula kabuku kake n'kulemba liwu limodzi: wadulidwa.

Ine ndinali nditakumbukira kuti chitsa cha kaki chikapeza mvula yabwino chimatha kubereka msanga kuposa pamenepo, ndipo ndinaonapo china chimene chinabereka chaka chomwecho, zipatso zazikulu ngati mutu wa mwana. Ndinatsekula pakamwa kuti ndimuuze wapampando. Hatsue anandiponda phazi ndi thupi lake lonse, ndipo sanalichotse mpaka kagalimoto koyera katakhota pamlatho.